Mizati Yakale ya Mzikiti wa Córdoba

Pamene Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam) adafika ku Madina m'chaka cha 622, malo amene adasankha kuti pamangidwe mzikiti adali ndi mabwinja komanso mitengo ya tende. Mabwinja adasalazidwa, mitengo idadulidwa, koma siidatayidwe: adayindandalitsa kumbali ya Qibla. Chimene adachipeza pamalopo chidalowa m'nyumba ya Allah.

Patapita zaka zoposa 160, cha m'ma 785, Abd al-Rahman I adayamba kumanga mzikiti waukulu ku Córdoba, m'dziko limene lero ndi Spain. Amisiri ake sadapite kukasema mizati kumapiri. Adatolera mizati ya mwala m'nyumba zakale za Aroma ndi za Avisigoth, mtundu umene udalamulira dzikolo Asilamu asanafike. Vuto lidali lakuti mizatiyo idali yaifupi, yosakwanira kukweza denga la chipinda chachikulu chotere, ndiponso idali yosiyana msinkhu. Ina adayiikira miyala kunsi kuti ilingane ndi inzake. Kenaka pamwamba pa mzati uliwonse adamangapo chipilala, nalumikiza zonsezo ndi mauta awiri osanjikizana, wina pansi wina pamwamba, osakaniza njerwa zofiira ndi miyala yoyera. Mauta amenewa ndiwo amakopa alendo mpaka lero, ngakhale nyumbayo idasanduka tchalitchi mu 1236. Ine ndimaona kuti amisiriwo akadakhala ndi mizati yatsopano yaitali, mwina sakadaganiza n'komwe za luso limeneli.

Ku Kairouan, m'dziko la Tunisia, adachitanso chimodzimodzi pomanganso mzikiti mu 836. Mizati yake yambiri ndi ya m'mabwinja a Aroma.

Ntchito yotere imafuna chinthu chimodzi chovuta: kudziwa kuti chakalecho chili kuti, nchachitali bwanji, ndipo chingasenze katundu wolemera motani. Mmisiri wa ku Córdoba adayenera kuyeza mzati uliwonse payekhapayekha. Mizinda ya ku Ulaya tsopano yapereka ntchito imeneyi kwa makompyuta. Ku Netherlands, mu 2017, adakhazikitsa kaundula wa pa intaneti wotchedwa Madaster, mmene amalembamo zitsulo, matabwa, magalasi ndi konkire zimene zili m'nyumba, kuti tsiku loigwetsa anthu adziwiretu zoti apulumutse. Ku Belgium kuli tsamba la Opalis, losonyeza amalonda ogulitsa njerwa, zitseko ndi matailosi ochotsedwa m'nyumba zakale. Mzinda wa Amsterdam udadziikira malire akuti pofika 2030 uchepetse ndi theka zipangizo zatsopano zimene umagwiritsa ntchito. Eni ake amazitcha nzeru zamakono, ndipo makinawo ndi amakonodi. Koma funso limene akuyankha ndi lomwe lija la amisiri a Abd al-Rahman.

Kuno kunyanja timagwetsa mizikiti yaing'ono kuti timange yokulirapo, pakuti jamaa ikuchuluka, Alhamdulillah. Kawirikawiri anyamata amabwera ndi mahamala, khoma n'kugwa tsiku limodzi, njerwa n'kusanduka zibuma zokwirira maenje a mumsewu. Pambuyo pake komiti imasonkhetsa ndalama zowotchera uvuni wina, ndipo nkhuni zake zimachokera m'mapiri omwe ayera kale mbee. Njerwa zomangira dothi zimachoka zamphumphu ngati wogwetsayo ayambira pamwamba, mzere ndi mzere. Kaundula wa komiti ya mzikiti safuna kompyuta: kope limodzi lolembamo malata, mafelemu, zitseko ndi mitanda likwanira, malinga lilembedwe hamala isanagunde khoma.