Ntchito zabodza: momwe akathyali amakolera anthu

Ntchito yabodza ndi msampha womwe akathyali amatchera anthu osowa ntchito ndi cholinga chowabera ndalama kapena kuwazembetsa. M'madera monga Kawale, Biwi, Chinsapo, Mgona, Area 23 ndi Area 25 mumzinda wa Lilongwe, momwe achinyamata ambiri ali ndi masatifiketi koma alibe pogwira, uthenga wa ntchito zotere umafala msanga pa WhatsApp ndi Facebook.

Mitundu yake

Mtundu woyamba ndi wa kuno kumudzi. Kathyali amadzitcha mkulu wa m'boma, kampani kapena bungwe, n'kuuza munthu kuti atumize ndalama ya fomu, yunifolomu kapena yopimitsira kuchipatala kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Ndalama ikangopita, nambalayo siipezekanso.

Mtundu wachiwiri ndi wa ntchito zakunja, ndipo ndiwo woopsa kwambiri. M'chaka cha 2024, BBC Africa Eye idaulula za amayi a ku Malawi oposa 50 omwe adazembetsedwa kupita ku Oman. Mmodzi mwa iwo, yemwe ankachita bizinesi ku Lilongwe, adalonjezedwa ntchito yoyendetsa galimoto ku Dubai, koma adakathera ku Muscat komwe adakhala wantchito wam'nyumba wozunzidwa. Kumeneko kuli dongosolo lotchedwa kafala, lomwe limamangirira wantchito kwa bwana wake, moti kusiya ntchito popanda chilolezo cha bwanayo n'kovuta.

Zizindikiro

Wolemba ntchito weniweni salipiritsa wofunsira ntchito. Chenjerani mukalonjezedwa malipiro ochuluka popanda kuyesedwa, mukakakamizidwa kulipira tsiku lomwelo, mukauzidwa kuti musauze abale, kapena ngati wolembayo alibe ofesi yodziwika. Pa ntchito yakunja, kusowa kwa kalata ya mgwirizano, viza ya mlendo m'malo mwa ya ntchito, ndiponso kulandidwa pasipoti ndi zizindikiro zoti zinthu sizili bwino.

Chochita

Musanatumize ndalama kapena chithunzi cha chiphaso cha unzika, pitani nokha kuofesi ya kampaniyo. Za ntchito yakunja kafunseni ku Unduna wa Zantchito ngati wotumizayo ndi wovomerezeka.

Amene waberedwa asunge mauthenga onse ndi nambala yomwe adatumizako ndalama, akanene kupolisi ndi kukampani ya foni msanga. Manyazi a woberedwa ndiwo amateteza wakuba.

Lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa anthu limati wolakwa akhoza kukhala kundende zaka 14, kapena 21 ngati wozembetsedwayo ndi mwana.