Mbiri ya Mganda ndi Malipenga, Magule a Nyengo ya Chisanu

Nyengo ya chisanu, kuyambira mwezi wa Juni kufikira Ogasiti, ndiyo nthawi ya mpumulo m'midzi ya m'Malawi. Chimanga chili m'nkhokwe, makasu apachikidwa, mitsinje yaphwera, ndipo njira zauma kotero kuti anthu akhoza kuyenda mtunda wautali osavutika. Chakumapeto kwa nyengo yomweyi sukulu zitsekera tchuthi chachikulu, ana nakhala pakhomo ndi makolo awo. Tsono ku Karonga, Nkhata Bay, Nkhotakota, Ntchisi, Dowa, Kasungu ndi pa chilumba cha Likoma kumveka ng'oma ndi mabadza dzuwa likapendeka. Amenewo ndi anyamata, ali kukonzekera mganda kapena malipenga.

Ana ambiri poona guleyu ayesa kuti ndi wa makolo akalekale monga Gule Wamkulu. Koma sikuli tero ayi. Mganda ndi malipenga anafika m'dziko muno pa nthawi ya nkhondo ya 1914, ndipo mbiri yake iyenera kudziwika ndi banja lililonse limene liomba m'manja pabwalo.

Kumene Guleyu Anachokera

Cha m'ma 1890, m'mizinda ya Lamu ndi Mombasa, m'mbali mwa nyanja ya mchere m'dziko limene lero litchedwa Kenya, Aswahili ankaona asilikali a Azungu alikuguba ndi malipenga achitsulo. Aswahiliwo anali nawo kale mwambo wopikisana pa magule, mbali ina ya mzinda ndi inzake. Tsono anatengako kaguba ka asilikali, zovala zawo ndi maudindo awo, napanga gule watsopano. Anamutcha beni, dzina lochokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza gulu la oimba malipenga. Posakhalitsa beni anafalikira m'Tanganyika, dziko limene pa nthawiyo linali m'manja mwa Ajeremani. Kumeneko kunali magulu awiri otchuka opikisana, lina Marini, lina Arinoti.

Nkhondo ya Chiwaya

M'chaka cha 1914 kunabuka Nkhondo Yaikulu pakati pa Angerezi ndi Ajeremani. Pa 9 Sepitembala chaka chomwecho magulu awiriwa anamenyana pa Karonga. Anthu a m'Nyasaland, monga dziko la Malawi linkatchedwa kale, anaitcha nkhondoyi Nkhondo ya Chiwaya, chifukwa cha mfuti yolira mosalekeza imene iwo ankaitcha chiwaya. Amuna pafupifupi 19,000 analowa usilikali, ndipo ena pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya tengatenga, ndiko kusenza pamutu chakudya ndi zida za asilikali m'nkhalango za Tanganyika ndi Mozambique. Ambiri a iwo anatengedwa mokakamizidwa. Ambirinso sanabwerere, pakuti anafa ndi njala, kamwazi ndi malungo, ndipo m'chaka cha 1918 mliri wa fuluwenza unapha enanso.

M'misasa ya nkhondo imeneyo ndimo amuna a kuno anaonera beni. Amene anapulumuka anabwera naye kwawo. Ayao a ku Mangochi, Machinga ndi Zomba anasunga dzina lomwelo la beni, ndipo avina atavala ngati asilikali. Anthu a m'mbali mwa nyanja chakumpoto, makamaka Atonga ndi Anyanja, anamusintha nakhala malipenga ndi mganda, ndipo Achewa a kumtunda anamulandiranso. Amuna opita kukagwira ntchito kutali anafika nawo magule otere ngakhale ku migodi ya mkuwa ya Northern Rhodesia, lero Zambia, kumene gule wofanana nawo ankatchedwa kalela.

Nzeru za Anthu a M'midzi

Anthu a m'midzi analibe ndalama zogulira malipenga achitsulo, koma sanagwe mphwayi. Anatenga zikho zazitali zouma, naziboola, namata pabowo kansalu koyera kamene kangaude aikiramo mazira ake pakhoma. Munthu akaimbira m'chikho chotere liwu lake limveka ngati lipenga. Chimenecho ndicho badza. Ng'oma yaikulu anaisema mofanana ndi ya asilikali, yokutidwa chikopa uku ndi uku, yoimbidwa ndi ndodo.

Gulu lililonse la ovina linatchedwa boma. Linali ndi mfumu yake yotchedwa kingi, akapitawo, dokotala ndi namwino. Ovina ankavala malaya oyera, akabudula oyera ndi masokosi aatali, ndipo dokotala ankayendera mizere kuona ngati onse ali aukhondo. Ichi chinali ndi tanthauzo lake. M'masiku amenewo munthu wakuda sankaloledwa kukhala Bwana Disi kapena mkulu wa asilikali. Koma pabwalo la mganda mnyamata wa m'mudzi ankakhala kingi, nalamula gulu lake, naonetsa kuti iyenso adziwa dongosolo ndi ulemu. Chotero chinthu chimene chinadza ndi misozi ya nkhondo anachisandutsa chisangalalo ndi ulemerero wa mudzi.

Ntchito ya Banja Lonse

Ngakhale ovina mganda ali amuna, guleyu sanakhale wa amuna okha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Boma lina likaitana linzake ku mpikisano, mudzi wonse unkakhala pa kalikiliki. Telala ankasoka zovala. Amayi ankasinja chimanga, naphika thobwa, nachapa malaya ndi kuwasita ndi simbi ya makala. Ana ankatola nkhuni ndi kutunga madzi. Odziwa kupeka nyimbo ankakonza zatsopano, zina zoyamika mudzi wawo, zina zodzudzula aulesi ndi osasamala mabanja. Akazi nawonso anali ndi magule awo, chiwoda m'mbali mwa nyanja ndi chimtali kumtunda. Alendo ankagona m'nyumba za eni mudzi masiku angapo, nadya nawo pamodzi, ndipo chaka china iwonso ankabwezera ulemuwo. Mwa njira imeneyi midzi yotalikirana inkadziwana, ndipo maukwati ena anayambira pomwepo.

Mwana wokulira pamalo potere ankaphunzira zambiri osalowa m'kalasi: kusunga nthawi, kumvera mtsogoleri, kusamala thupi ndi zovala, ndi kulandira alendo.

Za Masiku Ano

Magule awa alipobe. Aoneka pa zikondwerero za dziko, pa mipikisano ya sukulu, ndi m'midzi nthawi yokolola itatha. Komabe anyamata ambiri achoka kumudzi kukafuna ntchito m'mizinda ndi ku South Africa, ndipo ana otsala akhoza kutha tchuthi chonse ali pa kanema ndi pa foni. Onse amene anasenza katundu pa Nkhondo ya Chiwaya anamwalira kale. Otsala ndi adzukulu awo, amene anamva nkhanizi m'kamwa mwa eni ake, ndipo iwonso ndi okalamba tsopano. Luso lokonza badza ndi losema ng'oma likhala m'manja mwa anthu. Mwini wake akamwalira asanaphunzitse wina, lipita naye kumanda.

Chifukwa chake tchuthi cha nyengo ya chisanu chili ndi ntchito yaikulu. Kholo lanzeru litenga ana ake kupita nawo kubwalo, liwasonyeza kingi ndi dokotala, ndi kuwafotokozera chiyambi cha maudindowo. Lipempha agogo kuti madzulo, pootha moto, asimbe za abale amene anapita ku tengatenga, ndipo mwana wodziwa kulemba alembe mayina awo m'kope. Lifunafuna chikho chouma kuti mnyamata aphunzire kukonza badza lakelake. Zonsezi sizilira ndalama. Kuwongola mtengo ndi poyamba, ndipo mwana amene wagwira badza ali wamng'ono sadzalola kuti boma la m'mudzi mwake lithe.