Chifukwa Chake Anthu Anzeru Amasiyana pa Zachipembedzo

Ife amene tikulera ana ku Spring Valley ndi madera ena a Westlands mumzinda wa Nairobi timalidziwa funso ili: "Amayi, mnzanga amapemphera ku Oshwal Centre kwa Ajaini, wina ku mzikiti wa Jamia. Akulakwa ndani?"

Choyamba chimene chimasiyanitsa anthu ndi kumene anabadwira. Kalembera wa ku Kenya wa 2019 anapeza kuti anthu oposa 85 pa 100 alionse ndi Akhristu, ndipo pafupifupi 11 ndi Asilamu. Kwathu, kalembera wa 2018 anapeza Akhristu oposa 77 ndi Asilamu pafupifupi 14. Wobadwira ku Mangochi ndi wobadwira ku Nkhoma kawirikawiri amalandira zikhulupiriro zosiyana asanadziwe n'komwe kuwerenga.

Koma ngakhale ophunzira kwambiri sagwirizana, chifukwa nzeru zimagwira ntchito ndi mfundo zimene munthu wavomereza kale. Thomas Aquinas, amene anamwalira mu 1274, anapereka njira zisanu zosonyezera kuti Mulungu alipo. Imodzi imati chilichonse chili ndi chochiyambitsa, choncho payenera kukhala Woyambitsa woyamba. Wokayika amangofunsa kuti bwanji osanena kuti chilengedwecho ndiye chinalipo kuyambira kale. Onse awiri akuganiza bwino, angosiyana poyambira. Al-Ghazali, katswiri wa Chisilamu, anasiya uphunzitsi ku Baghdad mu 1095 atavutika mumtima, ndipo analemba kuti mikangano ya nzeru payokha sinamupatse chitsimikizo. Mu 1781 Immanuel Kant anafotokoza kuti nzeru sizingatsimikize kuti Mulungu alipo, komanso sizingatsimikize kuti kulibe. Ife tikuona kuti Kant ananena zoona pamenepa, ngakhale abusa ambiri sangakondwe nazo.

Malire amenewa sakutanthauza kuti chilichonse chonenedwa m'dzina la Mulungu tichilandire. Mu 2023, m'nkhalango ya Shakahola ku Kilifi, apolisi anayamba kufukula mitembo imene inapitirira 400, ya anthu okhudzana ndi mpingo wa Paul Mackenzie, amene akuti anauzidwa kusala kudya mpaka imfa. Ambiri anali ana. Zoti thupi losadya limafa n'zodziwika, ndipo apa nzeru zili ndi yankho lomveka. Kusiyanitsa funso lotere ndi funso lakuti kuseri kwa imfa kuli chiyani ndi chinthu chimene mwana wa zaka 10 angathe kuphunzira.

Boma likafuna kugamula mikangano yotere, zinthu zimaipa. Ku Malawi, Mboni za Yehova zinaletsedwa mu 1967, zinazunzidwa, zambiri zinathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Ku Kenya, bungwe la osakhulupirira Mulungu la Atheists in Kenya linalembetsedwa mu 2016, boma n'kuliimitsa chaka chomwecho mipingo itadandaula. Bwalo lalikulu la milandu linathetsa kuimitsidwako mu 2018.