Abwenzi, Adani ndi Apakati: Za Nkhondo ya 1914

Lero nkhani yathu si ya mbeu ai, koma ya maina atatu amene maboma amapatsa maiko pa nthawi ya nkhondo: abwenzi, adani, ndi apakati, ndiwo osalowa mbali iri yonse.

Inu a ku Matope mudziwa kuti kale katundu wocokera ku Blantyre ankakwezedwa m'ngalawa pa doko lanu kunka ku nyanja. M'caka ca 1893 Ajeremani anamanga sitima yao, Hermann von Wissmann, pa Mpimbi, kumtunda kwa Matope, Angelezi atawalola, pakuti masiku amenewo anali abwenzi. Koma pa 13 August 1914 sitima ya Boma, Guendolen, inaombera sitima yomweyo ku Sphinxhafen, kumene lero ndi ku Liuli. Bwenzi linasanduka mdani. Pa 9 September anamenyana ku Karonga.

Anansi athu Apwitikizi poyamba anali apakati, kufikira pa 9 March 1916 pamene Germany anawalengezera nkhondo. Pompo anawerengedwa abwenzi. Ubwenzi umenewu unadza ndi mabvuto ace, cifukwa mu November 1917 mkulu wa asilikari a Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anaoloka Rovuma nalowa m'Mozambique, ndipo anthu a m'midzi analandidwa cakudya ndi magulu onse awiri.

Mu May 1916 asilikari a General Northey anaoloka Songwe nalanda Neu Langenburg, ndiye Tukuyu wa lero. Amishoni a Cijeremani a ku Rungwe anagwidwa natengedwa kunka ku Blantyre, ndipo a Livingstonia anayang'anira mipingo yao. Sanagwidwe cifukwa ca mlandu umene munthu anapalamula, koma cifukwa ca dziko lace.

Nkhondo inatha mu November 1918, dziko lonse la Ajeremani ku East Africa liri m'manja mwa amene anapambana. Apa ndi pamene maina atatu aja anaonetsa mphamvu yao.

Adani anataya zonse. Pangano la ku Versailles la 1919 linalanda Germany maiko ace onse a mu Africa. Ajeremani anacotsedwa, ndipo Boma linagulitsa minda yao ya khonje ndi khofi. Yambiri inagulidwa ndi Angelezi, Amwenye ndi Agriki. Ajeremani analoledwa kubwerera m'caka ca 1925.

Abwenzi anagawana dziko. Britain anatenga Tanganyika, amene tsopano ali mbali ya Tanzania. Belgium anatenga Rwanda ndi Burundi. Portugal anapatsidwa kadziko ka Kionga ku mathiriro a Rovuma.

Apakati sanalandire dziko, koma sanathamangitsidwe. Taonani za ansembe a Benedictine a ku Peramiho, pafupi ndi Songea. Amene anali Ajeremani anacotsedwa, koma anzao a ku Switzerland, dziko lapakati, analoledwa kupitiriza nchito, ndipo mu 1922 mmodzi wa iwo, Gallus Steiger, anaikidwa kukhala mtsogoleri. Mpingo umodzi, nchito imodzi, kusiyana ciphaso cokha.

Nanga makolo athu anali m'gulu liti? Iwo sanafunsidwe. Angonde a ku Karonga ndi Anyakyusa a kutsidya kwa Songwe ndiwo abale, koma malire anaika ena kwa Angelezi, ena kwa Ajeremani. M'dziko muno amuna pafupifupi 200,000 anatengedwa pa mtengatenga. Minda inasowa olima, cakudya cinacepa, ndipo kumapeto kwa 1918 nthenda ya fuluwenza inapha anthu ambiri. Pogawana maiko ku Versailles, panalibe mfumu ya kuno ngakhale imodzi.

Inu mafumu mumaweruza milandu ya malire a minda, ndipo mudziwa kuti mau amodzi onenedwa pa bwalo akhoza kupatsa munthu munda kapena kumlanda. Pakati pa maiko ziri cimodzimodzi. Cifukwa cace, mukamva pa wailesi kuti dziko lakuti ndi bwenzi kapena mdani, yambani mwafunsa kuti dzinalo walipereka ndani, ndipo adzasenza katundu wace ndani.

Tsalani bwino.