Kuchokera kwa Ankhoswe Kufikira ku Bwalo la Milandu

Makolo athu ankati banja n'kupirira. Mkazi akamenyedwa ndi mwamuna wake, nkhani inkatulidwa kwa ankhoswe, ndipo kawirikawiri inkathera pomwepo. Ankhoswe ankayanjanitsa mabanja, koma analibe mphamvu yolanga wothyola mkono wa mkazi wake, ngakhalenso mankhwala othandiza mtsikana wogwiriridwa. Panapita zaka zambiri kuti nkhani zoterezi zituluke kuseri kwa nyumba n'kufika kubwalo la milandu ndi kuchipatala.

Malamulo a milandu amene Atsamunda anakhazikitsa mu 1930 ankaletsa kugwirira, koma ankateteza mwapadera atsikana osakwana zaka 13 okha. Zaka zimenezi zinakwezedwa kufika pa 16 mu 2011. Motero kwa zaka 80, mtsikana wa zaka 14 ankawerengedwa ngati wamkulu wotha kuvomera yekha.

Zinthu zinayamba kusintha mu 1994, pamene dziko la Malaŵi linalandira malamulo atsopano oyendetsera dziko. Gawo 24 la malamulowa linalamula kuti pakhale malamulo othetsa miyambo ndi mchitidwe wozunza amayi. Komabe lamulo loletsa nkhanza za m'banja linadzaperekedwa mu 2006. Lamuloli linapatsa bwalo mphamvu yoletsa wankhanza kuyandikira wozunzidwa, ngakhale kumutulutsa m'nyumba. Mu 2017 aphungu anatsekanso mpata wokwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18.

Kuchipatala nako zinthu zinasintha. Edzi itapezeka m'dziko muno mu 1985, kugwiriridwa kunasanduka chiwopsezo cha imfa. Pambuyo pake kunabwera mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV, amene amathandiza pokhapokha munthu akayamba kumwa asanathe maola 72. Kalata imene dokotala amalemba atapima mabala ndi umboni wamphamvu pamlandu. N'chifukwa chake wogwiriridwa amalangizidwa kuti afike kuchipatala asanasambe kapena kuchapa zovala zake. Pofuna kuti asazunzike ndi maulendo, kunakhazikitsidwa malo otchedwa Chikwanekwane, monga pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, pamene dokotala, wapolisi ndi mlangizi amapezeka pansi pa denga limodzi.

Mphamvu ya malamulowa inayesedwa mu 2019, pamene amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anadandaula kuti apolisi anawagwirira. Mu 2020 Bwalo Lalikulu linalamula kuti 18 mwa iwo alandire chipepeso. Amayi akumudzi anaima ndi boma pamlandu, napambana.

Mbiriyi ikutiphunzitsa kuti lamulo ndi mankhwala sizithandiza munthu amene watsekeredwa pakamwa. Achibale akamakambirana za mbuzi yachindapusa kwa masiku anayi, maola 72 amatha ndipo umboni umafufutika. Ankhoswe akadali ndi malo awo m'banja, koma pamene pakhetsedwa magazi, ntchito yawo yoyamba ndi kuperekeza wovulala kuchipatala.