Kudulira Linux: mmene malangizo opanda ntchito amachotsedwera m'gawo la memory

Linux ndi kernel, kutanthauza phata la mapulogalamu limene limayendetsa makina ndi kugawira mapulogalamu ena onse malo ogwirirapo ntchito. Linus Torvalds anayamba kuilemba mu 1991, ndipo lero imapezeka m'mafoni a Android ndiponso m'makompyuta ambiri amene amasunga masamba a pa intaneti. Gawo lake loyang'anira memory, lodziwika ndi zilembo mm, n'lovuta kulisintha chifukwa pulogalamu iliyonse imalidalira. Zosintha zambiri za m'gawoli zimadzera kwa Andrew Morton zisanafike kwa Torvalds.

Munthu angaganize kuti malangizo olembedwa, amene akatswiri amawatcha code, akaleka kugwiritsidwa ntchito sapweteka aliyense. Sizili choncho. Aliyense wofuna kukonza gawolo amayenera kuwawerenga, kuwamvetsa ndi kuwasintha kuti agwirizane ndi zatsopano, koma popanda makina owayeserapo. Cholakwika chikalowa m'mizere yotereyi chimatha zaka chosadziwika.

Nkhani ya cleancache ikusonyeza bwino zimenezi. Dan Magenheimer wa kampani ya Oracle ndiye anailemba, ndipo inalowa mu Linux 3.0 mu 2011. Memory ikadzaza, kernel imataya zigawo za mafailo zimene ingathe kuziwerenganso pa disiki. Cleancache inkapereka zigawozo kwa wosunga wina kuti zikadzafunikanso zibwere msanga. Kuti izi zitheke, timizere take tinamwazidwa m'malo ambiri, kuphatikizapo m'madongosolo osungira mafailo monga ext4 ndi btrfs. Wosunga womaliza wotsala mu Linux anali tmem wa Xen, amene anachotsedwa mu 2019. Kuyambira pamenepo cleancache inali ngati mpopi wosalumikizidwa ku thanki iliyonse, komabe inakhalapo mpaka Christoph Hellwig ataichotsa mu Linux 5.17 mu 2022. Inzake yotchedwa frontswap inatsala kaye chifukwa zswap inkaidalira. Inachoka mu 2023, Johannes Weiner atalumikiza zswap mwachindunji.

Mwambo wa olemba Linux pankhaniyi ndi wouma ndithu. Amawerengera ogwiritsa ntchito okhawo amene ali m'kati mwa Linux yeniyeniyo. Kampani imene yasunga malangizo ake kumbali, osawapereka kwa onse, ilibe mawu amphamvu oletsera kuchotsa.

Zimavutirapo pamene malangizowo akali ndi anthu ochepa owagwiritsa ntchito. Kwa zaka zambiri Linux inali ndi njira zitatu zogawira tizidutswa ting'onoting'ono ta memory. SLAB, yakale kwambiri, inatengera nzeru imene Jeff Bonwick anafotokoza mu 1994 ali ku Sun Microsystems. SLOB ya Matt Mackall inabwera mu 2006 chifukwa cha tizipangizo ta memory yochepa, ndipo SLUB ya Christoph Lameter inatsatira mu 2007. Zitatuzi zinkagwira ntchito imodzimodzi, moti chatsopano chilichonse chinkayenera kulembedwa katatu, apo ayi chizigwira kwina n'kulephera kwina. SLOB inali ndi vuto lakelake: lamulo lobwezera memory lotchedwa kfree silinkatha kubweza tizidutswa tina timene pa njira ziwiri zinazo tinkabwezeka popanda chovuta.

Vlastimil Babka wa kampani ya SUSE, mmodzi wa oyang'anira mbaliyi, sanachite zinthu mopupuluma. Mu Linux 6.2, kumayambiriro kwa 2023, SLOB inalengezedwa kuti ili pafupi kuchoka, ndipo dzina lake pa mndandanda wa zosankha linasinthidwa kuti woifuna aisankhenso mwadala ndi kuona chenjezo. Nthawi yomweyo panaikidwa SLUB_TINY, yopangitsa SLUB kudya memory yochepa, kuti eni tizipangizo tating'ono asasowe kolowera. SLOB inachotsedwa mu 6.4 chaka chomwecho. SLAB inayenda njira yomweyo: chenjezo mu 6.5, kuchotsedwa mu 6.8 mu Marichi 2024, ndipo mizere pafupifupi 4,000 ya failo yake yaikulu inachoka nayo.

Zochotsedwazi sizinatayike. Mbiri yonse ya zosintha imasungidwa ndi Git, chipangizo chimene Torvalds analemba mu 2005, kotero wofuna kubwezera cleancache kapena SLOB angaipeze mosavuta. Chimene angafunsidwe ndicho kusonyeza amene adzaigwiritse ntchito ndi amene adzaisamale.