Nsapato zatsopano ndi matuza: zimene anthu a ku Mushili ayenera kudziwa

Sukulu zikatsala pang'ono kutsegulidwa kumayambiriro a chaka, makolo a m'komboni ya Mushili mumzinda wa Ndola amapita m'sitolo za m'tauni ndi pa msika wa Masala kukagulira ana awo nsapato zakuda. Boma la Zambia linachotsa malipiro m'sukulu zake m'chaka cha 2022, koma yunifolomu ndi nsapato amagulabe ndi makolo, ndipo m'mabanja ambiri nsapato imodzi iyenera kutha chaka chonse.

Vuto ndi lakuti ana ambiri amavala nsapatozo koyamba m'mawa wa tsiku lotsegulira sukulu. Pofika madzulo amabwera akutsimphina, chidendene chili ndi thuza. Zomwezi zimagweranso anchito a m'migodi ya ku Kitwe, Mufulira ndi Luanshya akalandira majombo atsopano okhala ndi chitsulo kutsogolo. Matuzawa angathe kupewedwa ngati phazi ndi nsapato zapatsidwa nthawi yozolowerana.

Mmene thuza limayambira

Anthu amati nsapato yandiwotcha, ndipo mawuwa sali kutali ndi zoona. Munthu akamayenda, fupa la phazi limasuntha koma khungu lakunja limagwidwa ndi nsapato. Kukokana kumeneku kukabwerezedwa kambirimbiri, khungu limang'ambika mkati, ndipo pakatha ola limodzi kapena awiri mpatawo umadzaza madzi. Thuza lisanatuluke, malowo amayamba kutentha ndi kufiira. Imeneyo ndiyo nthawi yabwino yochitapo kanthu.

Khungu lachinyezi limagwirana kwambiri ndi sokosi kuposa louma. N'chifukwa chake matuza amachuluka nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka April, pamene misewu ya m'makomboni imakhala ndi matope ndi zithaphwi. Sukulu zimatsegulidwa mkati mwenimweni mwa nyengo imeneyi.

Pogula nsapato

Phazi limafufuma pang'ono munthu akayenda tsiku lonse, choncho nsapato ndi bwino kuiyesa masana kapena madzulo. Mwana apite nawo kogula, osati kungotenga kamtengo kapena kachingwe koyezera phazi. Ayese nsapato zonse ziwiri ataimirira, atavala masokosi amene azidzavala kusukulu, popeza anthu ambiri ali ndi phazi limodzi lokulirapo.

Pakati pa chala chachitali ndi mapeto a nsapato pakhale mpata wa sentimita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Chidendene chisamatuluke poyenda. Makolo ambiri amagula nsapato yaikulu kwambiri kuti mwana akulire momwemo, koma nsapato yokhwepa imakhula phazi monga momwe yothina imachitira. Ngati yakulako pang'ono, wosoka nsapato angathe kuikamo kachikopa kapansi kuti phazi ligwire.

Nambala yolembedwa pa nsapato isakhale yodalira kwambiri, makamaka pa za salaula zochokera m'maiko osiyanasiyana. Nambala 8 ya ku Britain imafanana ndi 42 ya ku Ulaya, ndipo ya ku America ndi inanso. Pa manambala a ku Britain, kusiyana kwa nambala imodzi ndi inzake ndi mamilimita pafupifupi 8 okha. Nsapato ya salaula inapindika kale motsatira phazi la mwini wake woyamba, motero pisani dzanja mkati kuti mumve ngati muli msoko wotukuka, nsalu yong'ambika kapena kamsomali.

Dziwaninso chimene nsapato yapangidwa nacho. Yachikopa, monga Toughees ya kampani ya Bata, imafewa ndi kutambasuka pang'ono m'mbali. Yapulasitiki sisintha kwenikweni. Palibe nsapato imene imatalika chifukwa chovala, ndipo yofinya zala tsiku logula idzafinyabe.

Kuzolowetsa nsapato

Gulani nsapato kutatsala sabata imodzi kapena ziwiri. Masiku oyamba ivalidwe pakhomo kwa ola limodzi, kenaka nthawi iziwonjezeka tsiku ndi tsiku, mpaka munthu atayenda nayo kumsika ndi kubwerako osamva kuwawa. Amene ali ndi nsapato yakale azisinthanitsa ndi yatsopanoyo.

Chikopa cholimba cha kumbuyo chipindidwepindidwe ndi manja ndi kupakidwa polishi. Pamalo pofinya, wosoka nsapato angathe kufutukula pang'ono. Musaviike nsapato m'madzi kapena kuiumitsa pa mbaula, chifukwa chikopa chimauma gwa ndi kung'aluka, ndipo guluu amamatuka. Ikanyowa ndi mvula, ikanimo nyuzipepala ndi kuiika pamthunzi popita mphepo.

Masokosi akhale ouma, osabooka ndi osapindika. Athonje amasunga thukuta, pamene aubweya kapena osakaniza ndi nayiloni amauma msanga. Ovala majombo amathandizidwa ndi masokosi awiri, lopyapyala mkati ndi lochindikala kunja, kuti kukhulana kuchitike pakati pa masokosiwo. Mwana atenge masokosi ena m'chola nthawi ya mvula. Zingwe zimangidwe bwino kuti phazi lisamatsetserekere kutsogolo.

Pamalo pamene pamatuluka thuza kawirikawiri matanipo pulasitala musanayambe ulendo. M'chaka cha 2014, ofufuza a pa yunivesite ya Stanford ku America, motsogozedwa ndi Dr Grant Lipman, anayesa tepi yapepala ya m'chipatala pa anthu 128 othamanga mitunda yaitali. Iwo anapeza kuti tepi yotsika mtengoyo inachepetsa matuza ndi 40 peresenti. Mafuta a Vaseline amathandiza kwa kanthawi kochepa chabe, ndipo paulendo wautali ayenera kupakidwanso.

Thuza likatuluka

Thuza laling'ono musaliboole ndi munga, singano kapena lezala. Khungu lapamwambalo ndilo limatchinga tizilombo. Tsukani ndi sopo ndi madzi aukhondo, phimbani ndi pulasitala, ndipo nsapatoyo ipumitseni. Matuza ambiri amapola okha pasanathe sabata imodzi. Likaphulika lokha, musasende khungulo, ndipo musathirepo phulusa, dothi kapena mankhwala otsukira mano.

Pitani ku kiliniki ngati patuluka mafinya, ngati kufiira ndi kutupa kukufalikira, kapena ngati thupi latentha. Mu Ndola, matenda akakula ana amatumizidwa ku chipatala cha Arthur Davison, ndipo akulu ku Ndola Teaching Hospital.

Chenjezo kwa odwala shuga

Matenda a shuga amawononga mitsempha ya kumapazi, kotero kuti munthu samva nsapato ikamamupweteka. Kathuza kakang'ono kangasanduke chilonda chosapola, ndipo zilonda zotere ndizo zimachititsa ambiri kudulidwa chala kapena mwendo. Wodwala shuga avale nsapato yatsopano kwa nthawi yochepa, aivule ndi kuyang'ana mapazi, pansi pomwe ndi pakati pa zala. Ngati maso saona bwino, apemphe wachibale kuti amuonere. Akapeza thuza, ngakhale losawawa, apite kuchipatala tsiku lomwelo.